Mtima wa a Damião pa Pepala

A Damião Chikumbutso anayamba kufa Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Junyu, ali m'dimba mwawo kumunsi kwa Ntengo-Wambalame. Anawerama kuti azule phata limodzi la kachewere aone ngati wakhwima, ndiye china chake chinawabaya pansi pa bere lakumanzere. Anaweramuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana uku ndi uku. Panalibe wowaona. Izi zinawakhumudwitsa, chifukwa munthu wa udindo sayenera kudwala popanda mboni.

Udindo wake unali upulezidenti wa asosiyasau, bungwe la alimi a kachewere: anthu khumi ndi asanu ndi anayi, sikelo imodzi ndi chidindo chimodzi. Chidindocho ankayenda nacho m'thumba la kazako, jekete lawo, ngakhale popita ku maliro.

Koma tisawanamizire, ululuwo unali weniweni. Unkabwera akatsokomola, ndipo chifuwacho anali nacho kuyambira nthawi yokolola nyemba. Pokwera chitunda kuchokera ku dimba anayamba kuima kawiri, akunamizira kuyang'ana minda ya anthu. Ndipo m'mudzimo munalibe amene anaiwala za mkulu wawo Edgar, amene chaka chatha anagwa chafufumimba pakati pa mizere, khasu lili m'manja, osatsanzika munthu. Anthu anati ndi mtima. A Damião anali atalingalira kale paokha: bambo mmodzi, mayi mmodzi, nanga mtima ungasiyane bwanji?

"Bambo a Celina, tiyeni ku positu ya zaumoyo," anatero akazi awo a Felizarda.

"Ku positu akandipatsa chiyani? Timapiritsi toyera tomwe amapatsa ana a chimfine? Matenda anga ndi aakulu."

"Wawayeza ndani kuti ndi aakulu?"

"Akuwamva ndine."

Lamulungu, mapemphero atatha, katekisita analengeza kuti Lachinayi ku positu ya zaumoyo kubwera biligada, gulu la azachipatala lochokera ku Tete, ndipo ibweretsa makina olemba mtima wa munthu pa pepala. A Damião anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene analemba kalata ku boma ndipo yayankhidwa.

Lachinayi kunacha ndi chisanu chija chimene chimawaula masamba a nthochi. Udzu unayera ngati wina wawazapo ufa. A Felizarda anatereka madzi, koma amuna awo anali atapita kale kubafa ndi ndowa imene inagona panja. Kuseri kwa mpanda kunamveka madzi khwaa, kenako chete wautali, kenako khwaa wina.

Apa pafunika kufotokoza. Kwa zaka makumi atatu a Damião akhala akuuza aliyense kuti iwo chisanu sichiwagwira. Umboni wake ndi nkhani ya nthawi ya nkhondo, pamene anathawira ku Malawi ali mnyamata n'kugona masiku atatu m'mapiri a ku Ntcheu atavala kabudula yekha. Chaka ndi chaka masikuwo amachuluka, kabudulayo amafupika. Pa misonkhano ya asosiyasau, anzawo akamapisa manja m'khwapa, iwo amamasula batani lapamwamba.

Atasamba anadzola mafuta mpaka chifuwa chinang'anima, popeza munthu sapita kwa madotolo ali mbuu. Anavala malaya oyera, galavata yomanga m'khosi, ndi kazako wopyapyala amene anagula pa ukwati wa mwana wawo Celina. A Felizarda anawatulutsira chikhoti chaubweya.

"Ndikukaonana ndi anthu ophunzira," anatero a Damião. "Sindikukaweta ng'ombe."

Wowanyamula pa mota, njinga yamoto, anali Gaspar, mlongo wawo wa a Felizarda, bambo wa ana asanu amene sanaonepo chifukwa choopera mlamu wake. Anayamba wakatula alongo ake, kenako n'kubwereranso atavala zikhoti ziwiri ndi chipewa chophimba makutu.

"Alamu, mwatchena ngati tikukakuikani lero lomwe."

"Yendetsa mota."

"Ndingofunsa, zikavuta sikelo ija mwasiyira ndani? Poti ine ndine wachibale."

Msewu wake ndi wa m'mapiri, ndipo mphepo ya m'mawa imalowa m'malaya ngati ili ndi chilolezo. Pofika ku positu, milomo ya a Damião inali itada, koma anatsika bwinobwino, kukonza galavata, n'kupatsa moni anthu a pa mzere mmodzimmodzi ngati akudzatsegulira nyumbayo.

Dzina lawo litaitanidwa, analowa ndi akazi awo m'kachipinda ka simenti kamene dzuwa silinafikemo. Munali bedi lachitsulo lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo pa tebulo panali makina aang'ono ngati wailesi, zingwe zili lendelende. A Damião anawayang'ana mokhumudwa. Ankayembekezera chinthu chachikulu ngati chigayo.

Woyendetsa makinawo anali namwino wa biligada, mayi wamfupi, wa maso osachedwa kuona zinthu, dzina lake Iolanda.

"Bom dia, papá. Vulani kazako, malaya ndi nsapato, mugone chagada."

"Ndine pulezidenti wa asosiyasau ya alimi a kachewere."

"Zikomo, a Pulezidenti. Ndi galavata yomwe."

Atagona, anafunsa motsitsa mawu ngati magetsi ake amapweteka polowa.

"Salowa, amatuluka," anatero Iolanda. "Mtima wanu uli ndi timagetsi take. Ukagunda, timagetsito timafika mpaka pa khungu, makinawa n'kumva n'kulemba. Timati eletiro. Inu ntchito yanu ndi kugona phee, osalankhula."

"Imeneyo ndiye ivuta," anatero a Felizarda ali pa mpando pakona.

Iolanda anamanga zopanira zinayi, ziwiri m'manja, ziwiri m'miyendo, kenako anayamba kumata timipira tisanu ndi kamodzi pachifuwa. Koyamba kanaterereka n'kugwera pansi. Kachiwiri kanatsatira.

"Mwadzola botolo lonse, papá?"

Anatenga thonje, kuliviika mu sipiriti, n'kupukuta chifuwa chonse. Sipiriti pa khungu m'mwezi wa Junyu ndi chinthu chimene ngakhale m'mapiri a ku Ntcheu munalibe. Pamwamba pake anapakanso mankhwala oterera, ozizira ngati mphuno ya galu. Apa a Damião anamva chinthu chikuyambira m'mawondo, kukwera m'ntchafu, kufika m'mimba. Anachidziwa. Anakukuta mano, kulimbitsa mapewa ndi miyendo, n'kuchitsekera m'kati kuti chisaoneke.

Makina analira, pepala lofiirira linayamba kutuluka. Iolanda analiyang'ana ndipo nkhope yake inasintha. Mizere yake inali yokhotakhota, yothinana, ngati pamene nkhuku zapalasa. Pansi pake makinawo anali atalembapo mawu awoawo, ndipo a Damião, amene Chipwitikizi chawo n'chokwanira kuwerengera malisiti a feteleza, anapendeketsa diso n'kuona liwu limodzi la zilembo zazikulu: ANORMAL.

"Tibwereze," anatero Iolanda. "Não mexe, papá. Musagwedezeke."

A Damião analimbitsa thupi kuposa poyamba. Pepala lachiwiri linatuluka loipa kuposa loyamba.

Panja mwana wina ankalira pa sikelo.

"Nenani, mwana wanga," anatero a Damião kudzera m'mano. "Ndine mwamuna."

"Ngati pepala ili likunena zoona, mtima wanu sukugunda mwa dongosolo. Ukungophiriphitha. Zikakhala choncho sindingakuloleni kubwerera kunyumba. Mukwera galimoto yathu lero lomwe, mpaka ku Tete."

Ku Tete! A Felizarda anaimirira, kenako anakhalanso. Ankadziwa anthu a m'mudzi mwawo amene anapita ku Tete atagona m'galimoto, ndipo ankadziwanso mmene ena a iwo anabwerera. Manja awo anayamba kupinda ndi kupindula nsonga ya kapulana, nsalu imene anamanga m'chiuno.

"Amayi a Celina, m'thumba la kazako muli chidindo. Mukachipereke kwa sekeletaliyo wa asosiyasau, osati kwa Gaspar. Kachewere wa kumunsi akumbidwe mwezi usanathe. Celina mumuuze kuti..." Apa sikunali kudzionetsera. Anayang'ana kudenga, maso atadzaza.

"Chidindo chanu chikhale momwemo," anatero a Felizarda. "Sindinakwatiwe ndi chidindo ine."

Iolanda sanali kuwamvera. Anali atagwira dzanja la a Damião, zala ziwiri pa mtsempha, maso pa wotchi. Anakhala choncho mphindi yathunthu. Kenako anaika chomvera pachifuwa, n'kumvetsera kumanzere, kumanja, pansi.

"Zachilendo," anatero. "Pepala likuti mtima wapenga. Dzanja likuti ukuyenda bwinobwino, ngati amayi awiri odziwana akusinja mu mtondo umodzi. Wina akunama apa." Anawayang'ana kumaso. "Papá, mukuzizidwa?"

"Ine?"

"Inuyo."

"Funsani aliyense kuyambira pano mpaka ku Tsangano. Ine chisanu sichindigwira."

"Kapena mukuopa?"

"Mwana wanga, ine ndinawoloka malire zipolopolo zikulira."

Iolanda anapumira m'mwamba n'kutenga foni kuti aitane dalaivala. A Felizarda anali atasendera pafupi. Zaka makumi atatu za ukwati zimaphunzitsa munthu kuwerenga zimene makina a ku Tete sangawerenge. Anaona tsemwe pa mikono ya amuna awo. Anaona nsagwada zitauma gwa. Anatsamira chitsulo cha kumiyendo kwa bedi, ndipo chitsulocho chinkanjenjemera m'manja mwawo ngati mota ya Gaspar ikangolizidwa kumene.

Akanatha kunena. Koma kunena pamaso pa mlendo kuti a Damião Chikumbutso akunjenjemera kukanakhala kuwapha ndi matenda ena, ndipo akanakana mpaka kukafika ku Tete. Choncho anangokodola namwinoyo.

"Anamwino, tagwirani bedi ili. Likuoneka ngati lili ndi vuto."

Iolanda anagwira chitsulocho. Anayang'ana a Felizarda. A Felizarda anayang'ana pawindo. Iolanda anabweza foni m'thumba, n'kutsokomola kawiri kuti akonze nkhope.

"A Pulezidenti, ndapeza vuto. Mundikhululukire, si inu ayi. Ndi makinawa."

"Ndinaona kuti ndi aang'ono."

"Makinawa anazolowera ku Tete, kotentha. Khungu la anthu a kuno, amene samva chisanu, limawasokoneza. Akangoligwira amanjenjemera okha, n'kumalemba zopanda pake. Tithandizeni. Mukakhale padzuwa theka la ola, mufunde, mumwe tiyi, kuti thupi lifanane ndi la anthu wamba. Kupanda kutero boma liwononga mapepala."

A Damião anaganizira pempholo mofatsa.

"Ngati n'zothandiza boma," anatero.

Ndi mmene zinakhalira kuti anthu a pa mzere tsiku limenelo anaona pulezidenti wa asosiyasau atakhala pa njerwa, atatsamira khoma la kum'mawa, atavala chikhoti chimodzi cha Gaspar, m'miyendo atafunda kapulana wa maluwa achikasu wa akazi awo, manja onse awiri atakumbatira kapu ya tiyi ya mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti. Aliyense wodutsa ankamufotokozera.

"Makina awo ndi ofooka. Andipempha kuti ndiwathandize."

"Ndiye amene akugundanitsa manowo ndi makinawo, alamu?" anafunsa Gaspar.

"Ndi kapu."

"Kapu ya pulasitiki?"

"Gaspar, kaone mota yako," anatero a Felizarda. Sankaseka. Ankayang'ana chitseko cha kachipinda kaja, milomo ikuyenda pang'ono. Kunjenjemera anakuona ndi maso awo, inde, koma munthu akhoza kuzizidwa ndipo mtima n'kukhalanso wodwala. Edgar anagwa dzuwa lili pamutu.

Dzuwa linagwira ntchito yake. Mapewa a a Damião anatsika, nsagwada zinamasuka, ndipo anayitanitsa tiyi wachiwiri, chifukwa cha boma. Atalowanso, Iolanda anali atayanika gombeza padzuwa n'kuliyala pa pulasitiki paja. Anawafunditsa mpaka m'chiuno, kutenthetsa timipira m'manja mwake, n'kumata.

"Calma, papá. Pumani ngati mukugona."

Pepala lachitatu linatuluka laudongo ngati mizere ya munda wa mlimi wosamwa mowa. Iolanda analitambasula kuti onse awiri aone.

"Uku ndi kugunda kumodzi. Kachulu kakang'ono, kenako nsonga yaitali iyi, kenako chitunda chozungulira. Onani kotsatira, chimodzimodzi. Kotsatira, chimodzimodzi. Mipata yake yofanana."

"Ndiye kuti?" anafunsa a Felizarda.

"Ndiye kuti tidikire adotolo. Pali kanthu kamodzi ndikufuna aone."

Anajambula pepalalo ndi foni n'kutuluka kukaima pafupi ndi mtengo wa mbendera, pamene netiweki imapezeka. A Damião ndi akazi awo anatsala awiri. Patapita nthawi a Felizarda anakonza gombeza pa mapazi a amuna awo, ndipo amunawo sanakane.

Iolanda anabwera foni ili kukhutu, akuti "Sim, doutor, sim," kenako anayamba kumasulira.

"Adotolo akuti kagundidwe kali bwino. Palibe chizindikiro choti mtsempha wa mtima watsekeka, palibenso chipsera cha matenda akale. Akufunsa kuti pakupweteka ndi pati."

A Damião analoza. Iolanda anadina ndi chala chachikulu pakati pa nthiti ziwiri.

"Mayo!"

"Ndi pomwepo?"

"Ndi pomwepo, musabwereze!"

"Mtima sudinika ndi chala, papá. Umenewo ndi mnofu wa m'nthiti, watopa ndi kutsokomola." Anamvetseranso foni. "Koma akuti kachulu koyamba aka n'kosongoka kuposa mmene kayenera kukhalira. Zimatero mbali ya kumanja ya mtima ikamakankha magazi movutikira kupita m'mapapo. Ndiye kuti wodwala weniweni angakhale mapapo, mtima ukungosenza katundu wa mnzake. Mumasuta?"

"Mwa apo ndi apo."

"Chingambwe," anatero a Felizarda. "Kuyambira ku Malawi. Apo ndi apo wake ndi m'mawa, masana ndi madzulo."

"Utsi wina? Wa nkhuni, wa makala?"

"Ayi."

A Felizarda anayang'ana pansi, kenako anaona kuti ulemu wakwana pa tsiku limodzi.

"Junyu ndi Julayi yense amagona m'kuzinya mmene timaphikira, chitseko chotseka, chikuni chikufuka mpaka m'mawa."

"Ndimalondera mbewu ya kachewere," anatero a Damião. "Kuli makoswe."

"Mbewu ili m'nkhokwe, bambo a Celina."

Iolanda anamasulira zonsezi mu foni, ndipo kuchokera ku Tete kunamveka kuseka kwa munthu wophunzira.

"Adotolo akuti simugwa m'munda mawa kapena mkuja. Ku Tete simupita lero. Koma akuti pepalali likulosera: mukapitiriza ndi utsi, zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi mtima udzatopa, miyendo idzayamba kutupa, chitunda chija simudzakwera. Mukasiya, mukhoza kukalamba mpaka anthu kutopa nanu. Fodya musiye. M'kuzinya mutuluke, mugule gombeza lachiwiri. Mwezi wamawa mukajambulitse chifuwa, ndikulemberani kalata. Ndipo lero mutisiyire makhololo tikayeze, kuti titsimikize kuti si chifuwa chachikulu."

"Ndiye kuti mtima wanga ndi wolimba," anatero a Damião.

"Ndi wabwinobwino."

"Lembani kuti wolimba."

"Ndilemba zimene adotolo anena, a Pulezidenti."

Anawapatsa kabotolo kapulasitiki ka chivindikiro chofiira, kakang'ono ngati ka mafuta a m'milomo. A Damião anakatembenuza m'manja.

"Kameneka ndi ka aliyense?"

"Ka aliyense. Kuseri kwa nyumba, kutali ndi anthu. Mupume kwambiri katatu, kenako mutsokomole zochokera pansi."

A Felizarda anatuluka poyamba. Atafika pa masitepe anangokhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa awo ankagwedezeka. Gaspar anathamanga kuchokera pa mota, chipewa chili m'manja, nthabwala zonse zitamuthawa.

"Achemwali! Akuti chiyani? Akuwatenga?"

A Felizarda anapukusa mutu. Atachotsa manja, misozi inali mbwembwembwe, koma ankaseka.

"Akuti akhalapo. Akhalapo mpaka titatopa nawo."

Gaspar anakhala pansi pambali pawo, n'kupuma ngati munthu amene watula thumba la chimanga.

"Ndiye mwandiopsezeranji? Ine ndinayamba kale kuganiza zoti ndikauze chiyani Celina."

A Damião anatuluka atavala zonse, galavata ili m'malo mwake. Anaima pakhomo n'kuyang'ana mzere wa anthu, mapiri, ndi akazi awo pa masitepe. Anangotsika sitepe imodzi n'kuika dzanja pa phewa la a Felizarda, pamaso pa anthu onse, kanthawi ndithu.

Kenako anakweza kabotolo kaja.

"Adotolo a ku Tete apempha kuti ndiwatumizire kanthu," anauza mzerewo. "Mundidikire."

Anazungulira kuseri kwa positu, ndipo posakhalitsa anthu onse anamva pulezidenti akupuma katatu, monga anawalangizira.